Mikono ikule kaye, mimba idikire

Mphwanga, zinthu ziwiri zimene ukuzilakalakazo zimakokana, ndipo anzako a ku jimu sakukuuza chifukwa nawonso sakudziwa. Ukufuna mikono yodzaza malaya, yoti ukapinda chigongono katumba azichita kutumphuka. Ukufunanso mimba yogawikana timabokosi, ija mumaitcha six pack. Kuti mkono ukule, thupi liyenera kulandira chakudya choposa chimene likugwiritsa ntchito. Kuti timabokosi tioneke, mafuta a pamimba ayenera kuchepa, ndipo anthu ambiri amafika pamenepo pochepetsa kudya. Ukathamangira zonse ziwiri nthawi imodzi uli ndi zaka 15 kapena 16, uzingokhalira njala ndi kuodzera m'kalasi, mkono uli chomwecho. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ine ndikuti sankha kukula. Za mimbazo tikambirana, koma zili kutsogolo.

Chifukwa chake n'chakuti thupi lako silidathe kumangidwa. Kumapeto kwa mafupa aatali a m'mikono ndi m'miyendo kuli timagawo tanthete pomwe fupa limatalikira. Kwa anyamata ambiri timagawo timeneti timakhwima n'kutsekeka chapakati pa zaka 16 ndi 18, ena mochedwerapo pang'ono, ndipo tikatsekeka msinkhu wathera pomwepo, palibenso mankhwala otsegulira. Zaka zomwezi ndi zimene mafupa amasonkhanitsa kulimba kumene udzakudalire ukadzakalamba. Uli ngati nyumba imene yangofika pawindo: mwini wake akatenga ndalama ya simenti n'kukagula penti, anthu odutsa amuyamikira sabata imodzi, koma khoma silikweranso. Mnyamata amene akudzimana nsima kuti mimba iphwe akuchita zomwezo.

Mwina amayi akukuletsa kale, akuti zitsulo zikupinimbiritsa. Uwayankhe mwaulemu, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira, ngakhale kuti mfundoyo si yoona. Bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, lidatulutsa lipoti mu 2020 lonena kuti masewera olimbitsa minofu ndi abwino kwa ana ndi achinyamata ngati akuchitidwa moyenera ndipo pali wamkulu wodziwa amene akuyang'anira. Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera 3 pa sabata. Kunyamula sikufupikitsa munthu. Chimene chimavulaza, nthawi zina mpaka kuthyola kachigawo kanthete kaja, ndi kunyamula cholemera kuposa mphamvu zako, kunyamula mokhota, ndi kupikisana. Amayi akaona kuti ukuchita mwadongosolo, sukubwera ukutsimphina, ndipo sukulu sikulowa pansi, mtima wawo ukhala m'malo.

Pali chinanso chimene chimawawa anyamata ambiri mwakachetechete. M'kalasi imodzi ya Fomu 2 mumakhala wina wandevu, mawu adasintha kalekale, ndi wina wa zaka zomwezo nkhope ikadali yosalala. Onse awiri akayamba kunyamula tsiku limodzi, wandevuyo atukuka msanga. Si kuti akulimbikira kuposa mnzake. M'thupi mwake mwachuluka kale testosterone, mphamvu yachibadwa imene imabwera munthu akamatha msinkhu, ndipo ndi imene imalola mnofu kukula kwambiri. Winayo mphamvu ziziwonjezeka ndithu, koma mkono uchedwa kuoneka. Ngati wochedwayo ndiwe, palibe chimene chalakwika m'thupi mwako, ndipo palibe chimene ungamwe kuti nthawi ifulumire. Pitiriza kuphunzira kanyamulidwe kabwino. Nthawi yako ikadzakwana udzapeza njira ili yolambula kale.

Malo amene mumakumana madzulo ndikuwadziwa. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, pali benchi ya matabwa awiri okhomedwa ndi misomali, paipi yadzimbiri imene nsonga zake adazimiza m'zitini za penti zodzaza simenti, ndi zitsulo za galimoto yakufa zimene wina adatola kugalaja. Ku Ndirande zilipo, ku Kawale zilipo. Sindikuwanyoza malowa ngakhale pang'ono. Mnofu sudziwa ngati chimene wanyamula chidagulidwa m'sitolo kapena chidaumbidwa pakhomo, ndipo anyamata adzitho ambiri adachokera m'malo otere. Koma simenti yothira ndi maso silingana. Chitini china chimalemera kuposa chinzake, ndiye phewa limodzi limasenza zambiri tsiku ndi tsiku mpaka lidzayambe kulira. Nyamulani zitinizo mupite nazo kwa ogula mbewu, muwapemphe sikelo, muyeze mbali iliyonse payokha, mulembe kulemera kwake ndi penti. Yang'anani ming'alu, chifukwa simenti ikasweka imagwera pa zala za kumapazi. Ndipo mapatapata asiyeni pakhomo, valani nsapato zotseka.

Pa benchi paja ndiye ndikupemphe ndi mtima wonse. Usagone pansi pa chitsulo uli wekha. Mikono ikatopa siichenjeza, imangofooka mwadzidzidzi, ndipo chitsulocho chimatsikira pachifuwa kapena pakhosi. Anthu afa motero m'nyumba zawo. Pakhale mnzako woimirira kumutu kwako, maso ali pa chitsulo osati pa foni, manja ali okonzeka. Chala chachikulu chizungulire paipi, usachiike mbali imodzi ndi zinzake. Ndipo mpikisano uja wakuti tione amene anyamule chachikulu kamodzi kokha, uziwasiyira ena. Ndi pamenepo pamene misana ndi mapewa zimathera, chifukwa munthu akaona anzake akumukuwiza amaiwala zonse zimene akudziwa. Akakuseka kuti ndiwe wamantha, aseke. Phewa likang'ambika mkati limatenga miyezi, ndipo lina silibwereranso mwakale.

Tsopano za mikono. Anyamata ambiri amathera madzulo onse akupinda chigongono ndi kachitsulo m'manja, chifukwa katumba wakutsogolo, amene amatchedwa biceps, ndi amene amaoneka pagalasi. Koma gwira kumbuyo kwa mkono wako, uwongole chigongono mwamphamvu. Mnofu umene walimba pamenepowo ndi triceps. Uli ndi mitu itatu pomwe biceps ili ndi iwiri, ndipo ndi umene umatenga malo oposa theka la mkono wakumtunda. Wofuna kudzaza malaya ayenera kuusamala kwambiri umenewu. Umagwira ntchito nthawi iliyonse ukamakankha, pomwe biceps imagwira ukamakoka. Ndiye ukamakankha zolemera ndi kukoka zolemera, mikono ikukula kale, ndipo pamodzi nayo chifuwa, msana ndi mapewa, zimene zimapatsa mkonowo pokhala. Mkono waukulu pa mapewa opapatiza suoneka n'komwe.

Yamba ndi thupi lako lomwe. Ma push-up ochita bwino ndi osowa kuposa mmene ukuganizira: manja pansi pa mapewa, thupi lowongoka kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, chiuno chosagwa ndiponso chosatukuka, chifuwa chitsike mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Khumi otere amaposa makumi asanu ogwedeza mutu. Ukawazolowera, sendeza manja ayandikane, zigongono zizidutsa m'mbali mwa nthiti, ndipo umva kumbuyo kwa mkono kukuyaka. Akachepa mphamvu, bereka chikwama cha mabuku, kapena ika mapazi pampando.

Kenako peza nthambi yolimba, yaiwisi, kapena chitsulo chozikika bwino, udzikoke mpaka chibwano chidutse pamwamba, zikhatho zikuyang'ana kwa iwe. Pa zonse zimene ndikudziwa, palibe chimene chimamanga katumba wa mnyamata ngati chimenechi, chifukwa ukunyamula thupi lonse, makilogalamu 50 kapena kuposa, pomwe kachitsulo kopinda nako chigongono sikafika ngakhale 10. Ngati sungathe ngakhale kamodzi, usachite manyazi. Kwera pa njerwa kapena dumpha ufike pamwamba, ndiye uzitsika pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 5. Chita zimenezi masabata angapo, tsiku lina udzangoona wakwera wekha. Potsika uziwongola mikono yonse, osathera pakati, ndipo miyendo isamapalase mphepo.

Madzi ndi sikelo yaulere: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo ukhoza kuwonjezera kapena kuchepetsa mmene ukufunira, zimene simenti singakulole. Tsamira dzanja limodzi pabenchi, msana uli wowongoka, ukoke chigubu chifike m'mbali mwa nthiti. Imirira, ukankhe zigubu ziwiri zing'onozing'ono kuchokera pamapewa kupita kumwamba, osapinda msana chagada. Ndipo miyendo usaithawe. Kumbatira chigubu pachifuwa, unjute mpaka ntchafu zigone, zidendene zili pansi, uimirirenso. Ndikudziwa kuti palibe amene amajambulitsa ntchafu, koma minofu ikuluikulu ya thupi ili kumeneko, ndipo ndi miyendo ndi chiuno zimene zidzakunyamulire thumba la chimanga popanda kuthyoka msana. Ukamaliza zonsezi, ndiye pinda chigongono ndi kachitsulo kako maseti awiri, chigongono chili phee m'mbali, osachita kuponya ndi chiuno.

Kuchuluka kwake n'kosavuta kukumbukira. Chilichonse uchite maulendo 8 mpaka 15, upume mphindi imodzi kapena ziwiri, ubwereze, maseti 2 kapena 3. Uzisiya ukadali ndi mphamvu ya ulendo umodzi kapena iwiri yabwino. Pamene thupi layamba kupotoka kuti chitsulo chikwere, setiyo yatha. Usabanike mpweya: tulutsa pokankha kapena pokoka, kokera mkati pobwerera. Masiku atatu pa sabata akwana, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ola limodzi osapitirira, ndipo uyambe ndi kuthamanga pang'ono kapena kudumpha chingwe kuti thupi litenthe. Masiku apakatiwo si aulesi. Ponyamula umangoupatsa mnofu chifukwa chokulira, koma kukula kwenikweniko kumachitika ukupuma. Wonyamula tsiku lililonse amakhala akusokoneza ntchito imene adaiyambitsa dzulo.

Gula kope la masamba ochepa, uzilemba zimene wachita. Ukafika maulendo 15 m'maseti onse popanda kukhota, wonjezera pang'ono: lita imodzi m'chigubu, buku limodzi m'chikwama. Kuwonjezera pang'onopang'ono kumeneku ndiye chinsinsi chonse, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amachigulitsa. M'masabata oyamba mphamvu zikwera msanga koma mkono osasintha, chifukwa ubongo ndi mitsempha ndi zimene zikuphunzira kulamula minofu imene uli nayo kale. Kukula kooneka ndi maso kumayamba pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kusintha koti anthu akudabwe n'kwa chaka kapena zaka. Kutupa kuja kumene umakuona ukangomaliza ndi magazi chabe amene athamangira kumeneko, pakapita kanthawi kumaphwa. Ukafuna kudziwa zoona, bwereka tepi kwa atelala, uyeze m'mawa usadachite chilichonse, kamodzi pamwezi basi.

Ngati umapalasa kabaza, umaumba njerwa, kapena ndi nyengo ya kulima ndipo wachokera kumunda, thupi lako lagwira kale ntchito yaikulu. Chepetsa masiku a zitsulo akhale awiri. Chimene chikukuchepera iwe kawirikawiri ndi chakudya ndi tulo.

Nkhani ya chakudya ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi pamene anyamata athu amanamizidwa kuti alibe mwayi. Amaona zitini zikuluzikulu za ufa wa mapuloteni pa intaneti n'kumaganiza kuti popanda zimenezo palibe chimene chingachitike. Ufa umenewo nthawi zambiri umachokera ku mkaka. Ndi chakudya chabe chimene achiumitsa n'kuchikweza mtengo. Munthu amene akumanga minofu amafunika pafupifupi magalamu 1.5 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye mnyamata wa makilogalamu 55 akufunika magalamu 80 kapena kuposa pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Mtedza wodzaza dzanja uli ndi pafupifupi 7. Soya pieces zouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo usipa wouma umaposa pamenepo, kuwonjezera apo umadyedwa ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Phala la mgaiwa losakaniza soya ndi nsinjiro m'mawa, nsima ya nyemba kapena nandolo masana, usipa kapena matemba madzulo, mtedza wokazinga m'thumba popita kusukulu: wafika kale, osagula chitini. Nyengo ya ngumbi, idya ngumbi.

Nsima usaiope. Ndi imene imakupatsa mphamvu zonyamulira, ndipo ikachepa thupi limayamba kuwotcha mapuloteni omwe aja m'malo mowamangira mnofu. Mbatata, chinangwa, nthochi, zonsezi ndi zako. Masamba asasowe pambale. Mazira uziphika. Akumwa aawisi aja akudzinamiza, chifukwa thupi limagaya bwino dzira lophika kuposa laliwisi, ndipo laliwisi likhoza kukutsegula m'mimba. Mtedza uzisankha, wachuku ndi wofota utaye, poizoni wake amawononga chiwindi.

Koma pali mawu amodzi amene sindingawasiye. Ndiwo za pakhomo ndi za banja lonse. Usakhale mnyamata amene amakokera mbale kwa iye chifukwa choti akunyamula zitsulo, azing'ono ake akutsala ndi msuzi. Iwonso akukula, ndipo kwa mwana wamng'ono kusowa chakudya kumasiya chilema chosatha. Ngati ukufuna zowonjezera, zipezere wekha. Ganyu ya Loweruka igule usipa. Pempha kamalo udzale mtedza kapena soya. Weta nkhuku ziwiri zoikira. Ngati uli kusukulu yogonera komwe nyemba sizisintha, tenga chiponde ndi soya wokazinga pochokera kunyumba, ndipo nyembazo uzimalize.

Tulo nato n'chakudya. Wa msinkhu wako amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo mphamvu yokulitsa thupi imatuluka kwambiri munthu ali m'tulo tofa nato. Kugona pakati pausiku ukuonera mavidiyo a anthu onyamula zitsulo n'kudzibera wekha zimene anthuwo akukulonjeza. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija zimathamangitsa mtima n'kukulanda tulo tomweto. Imwa madzi. Mowa ndi chamba sindichulukitsapo mawu, palibe mnofu umene zidamangapo.

Tifike pamimba tsopano. Timabokosi tija uli nato kale. Ndi mnofu umodzi wautali wochokera kunthiti kutsikira kuchinena, wodulidwadulidwa ndi timizere tolimba topingasa. Chiwerengero cha timizereto ndi kakhalidwe kake n'zobadwa nazo: wina amaonetsa timabokosi 6, wina 4, wina 8, wina tosalingana mbali ndi mbali, ndipo palibe masewera amene angasinthe zimenezo. Chimene chimabisa ndi mafuta a pansi pa khungu. Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi. Ma sit-up 300 patsiku sachotsa mafuta a pamimba, chifukwa thupi silitapa mafuta pamalo pamene pakugwira ntchitopo, limatapa paliponse mmene lidabadwira, ndipo kwa amuna ambiri pamimba ndi pomalizira. Chimene ma sit-up ochuluka chotero amabweretsa ndi kupweteka kwa msana ndi khosi, makamaka ukamakoka mutu ndi manja. Kudzikulunga majumbo pamimba pothamanga kumangotulutsa thukuta, ukamwa madzi zonse zabwerera. Madzi otentha a mandimu m'mawa sasungunula kanthu.

Mimba uilimbitse ngati mnofu wina uliwonse, kawiri kapena katatu pa sabata. Tsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili ngati thabwa, ugwire masekondi 30 mpaka 60 ukupuma bwinobwino. Lendewera panthambi ija, ukweze mawondo afike pachifuwa, utsitse mosathamanga. Nyamula ndowa yodzaza kudzanja limodzi, uyende osapendekeka, usinthe dzanja. Sewera mpira. Anyamata ambiri kwathu kuno ndi ochepa thupi kale, ndiye minofu ya pamimba ikangonenepa pang'ono mizere imayamba kuoneka yokha, osasala chakudya ngakhale tsiku limodzi. Ngati uli wonenepa, chotsa zakumwa zashuga, chepetsa mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya, uziyenda ndi kuthamanga, koma chakudya chenicheni katatu patsiku chisasowe. Msinkhu ukamakwera thupi limadziwongola lokha. Ndipo ngati uli wowonda koma mimba ili yotupa, ukumva kufooka, kapena udaonapo magazi mumkodzo, imeneyo si nkhani ya masewera. Zikhoza kukhala njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Matupi amene ukuwasirira pa foniwo, ambiri si a tsiku ndi tsiku ngakhale kwa eni ake. Munthu amajambulitsa atangomaliza kunyamula, atadzola mafuta, kuwala kukuchokera pamwamba, mpweya atautulutsa wonse, ndipo pa zithunzi zambirimbiri amasankhapo chimodzi. Zac Efron, amene adaoneka wojintcha mufilimu ya Baywatch ya 2017, adauza magazini ya Men's Health mu 2022 kuti maonekedwe amenewo adafuna mapiritsi okodzetsa ochotsa madzi m'thupi, ndipo kuti pambuyo pake adavutika ndi kusowa tulo ndi matenda a maganizo kwa nthawi yaitali. Brian Johnson wa ku America, wodziwika kuti Liver King, adatchuka pouza anthu kuti thupi lake lidabwera chifukwa chodya chiwindi chachiwisi ndi kukhala ngati makolo akale, uku akugulitsa mankhwala ake owonjezera mphamvu. Adakana kambirimbiri kuti sagwiritsa ntchito ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, mpaka mu December 2022 makalata ake ataululika adavomera pagulu. Naye Arnold Schwarzenegger, amene adayamba kunyamula ali mnyamata ku Austria n'kudzapambana mpikisano wa Mr. Olympia ka 7, adanena yekha kuti ankagwiritsa ntchito mankhwalawa pa nthawi ya mipikisano yake. Usadziyeze ndi anthu amenewa n'kumadziona wolephera.

Tsiku lina wina adzakukokera pambali ku jimu, adzakuonetsa kabotolo kapena timapiritsi, adzati aliyense wamkulu amene ukumuona akugwiritsa ntchito. Ma steroid amakulitsadi minofu, sindikunamiza. Koma kwa mnyamata amene akukula, amafulumizitsa kutsekeka kwa timagawo tanthete ta m'mafupa tija, ndiye msinkhu umene ukadakhala nawo umatayika mpaka kalekale. Thupi likaona kuti testosterone ikubwera kuchokera kunja limasiya kupanga yake, machende amafota, mbewu ya abambo imachepa, ndipo ena amadzavutika kubereka. Mawere amatha kumera ngati a mtsikana, osachoka popanda opaleshoni. Ziphuphu zimadzaza msana, dazi limabwera msanga, chiwindi ndi mtima zimavulala mwakachetechete, ukali umabwera wosadziwika kochokera, ndipo ukasiya maganizo amalowa pansi. Jakisoni wobwerekana amabweretsa HIV ndi matenda a chiwindi. Zogulitsidwa mobisa sudziwa n'komwe chimene chili mkati. Ngakhale zitini zooneka zaulemu si zonse zoyera: akatswiri a ku Cologne ku Germany adayeza mitundu 634 ya zowonjezera mphamvu zogulidwa m'maiko 13, n'kupeza kuti pafupifupi 15 pa 100 iliyonse zidali ndi mankhwala a mtundu wa ma steroid osalembedwa pachitini.

Chenjeranso ndi mapiritsi onenepetsa ogulitsidwa pamsika. Ena mwa iwo ndi dexamethasone, mankhwala a kuchipatala a matenda ena. Amatupitsa nkhope ndi mimba, sikelo n'kukwera, koma minofu ya mikono ndi miyendo amaidya, amakweza shuga m'magazi ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi. Ngati udayamba kale kumwa kwa masabata angapo, usasiye mwadzidzidzi wekha, chifukwa nakonso n'koopsa. Pita ukaonane ndi adokotala akuchepetsere pang'onopang'ono.

Udziyang'anirenso mumtima. Kunyamula kwabwino kumamusiya munthu wosangalala, wanjala, wogona msanga. Ukaona kuti ukudziyang'ana pagalasi kambirimbiri patsiku n'kumadziona wochepabe ngakhale anthu akukuuza kuti wakula, ukukana kudya ndi anzako poopa mafuta, ukujomba kusukulu chifukwa cha jimu, kapena tsiku limodzi lopuma likukusowetsa mtendere, vutolo lachoka m'mikono. Limagwira anyamata ambiri kuposa mmene anthu amavomerezera, ndipo limachizika. Uza malume ako, aphunzitsi amene umawakhulupirira, kapena azaumoyo.

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Kuwawa kobaya kwa m'mfundo, paphewa, pachigongono, pabondo kapena pamsana, makamaka kwa mbali imodzi, kukutanthauza kuti usiye pomwepo, ndipo kukapitirira sabata kapena pakatupa, kaonetse. Usanyamule uli ndi malungo kapena thupi likutentha, ndipo ukachira uyambirenso ndi zopepuka. Ngati uli ndi vuto la mtima, khunyu, mphumu kapena sickle cell, funsa kaye kuchipatala usadayambe. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pochita masewera si zopirira. Ndipo ukadzachita mopitirira muyezo tsiku lina, makamaka utakhala nthawi osachita, mikono n'kutupa mpaka kulephera kuiwongola, mkodzo n'kusanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, usadikire kuti kuche. Minofu yawonongeka kwambiri ndipo zotuluka m'menemo zikhoza kutseka impso. Imwa madzi, pita kuchipatala tsiku lomwelo, ukawauze adokotala zonse zimene udachita ndi chilichonse chimene udamwa kapena kubaya, osabisa kanthu.